Mkangano wa Mfuti ku Colorado ndi Zimene Achipatala Adaphunzirapo

M'chaka cha 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti m'dziko la United States of America, chikhalirecho m'dzikomo mudalibe nkhondo. Chiŵerengero chimenechi chidaposa cha anthu onse amene adafa pa ngozi za pamsewu m'chaka chomwecho. Mu 2020 mabuku olembamo imfa adaonetsa kuti mwa ana ndi achinyamata a zaka zoyambira 1 kufikira 19, ofa ndi mfuti adachuluka kuposa ofa ndi chinthu china chilichonse, kaya ngozi ya galimoto kaya matenda a khansa. Nchifukwa chake mu Juni 2024 mkulu wa madokotala a boma m'dzikolo pa nthaŵiyo, Dr. Vivek Murthy, adalengeza kuti imfa za mfuti ndi vuto lalikulu la zaumoyo.

Vuto la zaumoyo likadziŵika, achipatala amafunafuna njira yolipeŵera. Nthomba idagonja ndi katemera, ndipo kolera amachepa pamene anthu apeza madzi abwino. Koma mfuti ndi chida chimene mwini wake adagula ndi ndalama zake, nachisunga m'nyumba mwake, ndipo malamulo aakulu a dziko lake amamlola kutero. Motero njira iliyonse yopeŵera imfa zimenezi iyenera kudzera ku nyumba ya malamulo kapena pakhomo pa mwini mfutiyo. Chigawo cha Colorado chagogoda pa makomo onse aŵiri kwa zaka zoposa 20, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa aliyense wogwira ntchito yoteteza moyo wa anthu.

Dziko limodzi, malamulo osiyana

United States ili ndi zigawo 50. Chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, nyumba yake ya malamulo ndi mabwalo ake a milandu. Boma lalikulu la ku Washington limaika malamulo ena ogwira dziko lonse, monga lakuti sitolo yogulitsa mfuti iyambe yafufuza ngati wogulayo adapalamulapo mlandu waukulu, koma zambiri zotsala zimasiyidwa m'manja mwa zigawo. Chimene chili chololedwa tsidya lino la malire chingathe kukhala mlandu tsidya linalo.

Pamwamba pa malamulo onseŵa pali ndime ina ya malamulo aakulu a dzikolo yotchedwa Second Amendment, imene idakhazikitsidwa mu 1791 ndipo imanena za ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida. Mu 2008, pa mlandu wodziŵika ndi dzina lakuti Heller, Bwalo Lalikulu la dziko lonse lidagamula kuti ndimeyi imapatsa munthu payekha ufulu wosunga mfuti m'nyumba mwake kuti adzitetezere, ngakhale lidavomerezanso kuti ufuluwo uli ndi malire. Mu 2010 bwalo lomwelo lidati chigamulochi chimamanganso zigawo. Choncho phungu aliyense wolemba lamulo la mfuti amadziŵiratu kuti lamulo lakelo lidzaima pamaso pa oŵeruza.

Colorado ndi chigawo cha kumadzulo, cha mapiri aatali a Rocky ndi zigwa zoŵetako ng'ombe. Pa kalembera wa 2020 mudapezeka anthu pafupifupi 5.8 miliyoni, ndipo ambiri a iwo amakhala ku Denver ndi m'mizinda ina ya m'tsinde mwa mapiri. Otsalawo ali m'madera otalikirana, kumene wapolisi amachedwa kufika pakhomo pamene pagwa zoopsa, ndi kumene mwana amaphunzira kusaka nyama kwa atate ake monga momwe iwonso adaphunzirira kwa makolo ao. Kwa munthu wakumeneko mfuti ndi chida cha pakhomo ndiponso choloŵa cha banja. Kwa namwino wa m'chipatala cha mumzinda, mfuti ndi chimene chimabweretsa achinyamata ali magazi okhaokha pakati pa usiku. Onse aŵiriŵa amanena zimene adaona ndi maso, ndipo onse aŵiri amavota.

Eni mfuti ali ndi mabungwe ao owalankhulira. Lalikulu ndi National Rifle Association, kapena NRA mwachidule, limene lidayamba mu 1871 ndi cholinga chophunzitsa anthu kulasa bwino. Mu 1975 lidatsegula nthambi yoona za ndale, ndipo pa msonkhano wa ku Cincinnati mu 1977 utsogoleri udagwa m'manja mwa anthu okana kugonjera malamulo atsopano. Bungweli limapatsa wopikisana aliyense pa chisankho chilembo, kuyambira A mpaka F, monga mmene mphunzitsi achongera mayeso. Ku Colorado kuli bungwe linanso, Rocky Mountain Gun Owners, loyamba mu 1996, limene limaona ngati NRA ndi yofatsa. Mphamvu ya mabungweŵa ili m'ndalama, koma makamaka ili mwa mamembala amene amalemba makalata, amafika pa misonkhano, ndipo tsiku la chisankho amavota poyang'ana nkhani imodzi yokhayi.

Mphamvu imeneyi idakhudzaponso ntchito ya zaumoyo. Mu 1996 nyumba ya malamulo ya ku Washington idachotsa madola 2.6 miliyoni pa ndalama za bungwe la boma lolimbana ndi matenda, Centers for Disease Control and Prevention, zofanana ndi zimene bungwelo lidagwiritsa ntchito pofufuza za imfa za mfuti, nililetsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma polimbikitsa malamulo ochepetsa mfuti. Kafukufuku adazilala kwa zaka zoposa 20, kufikira mu 2019 pamene aphungu adapatula madola 25 miliyoni kuti ntchitoyo iyambirenso.

Malamulo a 2013

Colorado chaona maliro aakulu kangapo. Pa 20 Epulo 1999 anyamata aŵiri adapha ophunzira anzao 12 ndi mphunzitsi mmodzi pa sukulu ya sekondale ya Columbine. Zina mwa mfuti zao zidagulidwa ndi munthu wina pa msika woonetsera mfuti, kwa ogulitsa amene lamulo silidawakakamize kufufuza wogula. Aphungu atalephera kutseka mpata umenewu, anthu adautseka okha pa voti ya mu Novembala 2000, ndipo pafupifupi 70 mwa ovota 100 alionse adavomereza.

Pa 20 Julayi 2012 munthu wina adaloŵa m'nyumba ya kanema mu mzinda wa Aurora, napha anthu 12 ndi kuvulaza 70. Imodzi mwa mfuti zake idali ndi kabokosi kotenga zipolopolo 100 nthaŵi imodzi. Pasanathe miyezi isanu, pa 14 Disembala, ana 20 ndi akuluakulu 6 adaphedwa pa sukulu ya pulaimale ya Sandy Hook m'chigawo cha Connecticut. Pa nthaŵi imeneyo chipani cha Democratic chidali ndi mipando yambiri m'zipinda zonse ziŵiri za nyumba ya malamulo ya Colorado kuyambira mu Januwale 2013, ndipo aphungu ake adabweretsa malamulo atsopano.

Malamulo atatu ndiwo adautsa mapiri pachigwa. Loyamba lidaletsa kugulitsa kabokosi kotenga zipolopolo zoposa 15, poganiza kuti wachiwembu akaima kuti aikemo zina, anthu amapeza mpata wothaŵa kapena womugwira. Lachiŵiri lidalamula kuti ngakhale munthu wamba wogulitsa mfuti kwa mnzake ayambe wadzera ku sitolo yovomerezeka kuti wogulayo afufuzidwe. Lachitatu lidati wogula ndiye alipire kufufuzako. Masiku okambirana, eni mfuti adadzaza makonde a nyumba ya malamulo ku Denver, ena nazungulira nyumbayo ndi magalimoto akuliza mahutala tsiku lonse.

Mfundo zao zidali zomveka bwino. Iwo adati chigaŵenga sichipita ku sitolo kukafufuzidwa, kotero kuti mtolo wonse ugwera munthu womvera malamulo. Adati mabokosi a zipolopolo alibe tsiku limene adapangidwa, ndipo wapolisi sangathe kusiyanitsa logulidwa kale, limene lamulo lidalilola, ndi logulidwa dzulo. Adaopanso kuti kufufuza wogula aliyense ndi chiyambi cha kaundula wa eni mfuti onse, amene boma lina la mtsogolo lingadzagwiritse ntchito powalanda zida zao. Bwanamkubwa John Hickenlooper adasainira malamulowo pa 20 Malichi 2013, ndipo aŵiri oyambawo adayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi. Mwezi wa Epulo, lamulo lofanana ndi lachiŵirilo lidagwa m'nyumba ya Seneti ku Washington, litapeza mavoti 54 pamene lidafunika 60.

Aphungu aŵiri achotsedwa

Malamulo a Colorado amalola anthu kuchotsa phungu wao nthaŵi yake isanakwane. Ofuna kutero amapatsidwa masiku 60 kuti asonkhanitse maina okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti amene adaponyedwa pa mpandowo pa chisankho chapita, ndipo akakwanitsa pamachitika chisankho chapadera. Malamulo oyendetsera dziko la Malaŵi a 1994 adali ndi ndime yotere, gawo 64, koma idachotsedwa mu 1995. Ku Colorado njirayi idali isanagwetsepo phungu wa nyumba ya malamulo chiyambire.

Eni mfuti adaloza aphungu aŵiri a m'chipinda cha Seneti. Woyamba adali John Morse wa ku Colorado Springs, mtsogoleri wa chipindacho, amene kale adali mkulu wa apolisi m'tauni ya Fountain. Wachiŵiri adali Angela Giron wa ku Pueblo, mzinda wa anthu apantchito wodziŵika ndi fakitale ya zitsulo, umene kaŵirikaŵiri umavotera chipani cha Democratic. Ku Pueblo ntchito yotolera maina adaitsogolera amisiri a ntchito zamanja amene sadachitepo ndale, ndipo mtsogoleri wao adali mmisiri wa mipope ya madzi wa zaka zosakwana 30. Ndalama zidaloŵa kuchokera kutali mbali zonse ziŵiri. NRA idaononga madola pafupifupi 360,000, ndipo Michael Bloomberg, mfumu ya mzinda wa New York pa nthaŵiyo, adapereka madola 350,000 kuthandiza aphunguwo. Poŵerenga zonse pamodzi, mbali ya aphungu ndiyo idali ndi ndalama zambiri, kuposa inzake kangapo.

Chisankho chidachitika Lachiŵiri pa 10 Sepitembala 2013, ndipo onse aŵiri adagwa. Morse adagonja ndi mavoti osakwana 400 mwa mavoti osafika 18,000. Giron adagonja koposa, pakuti pafupifupi 56 mwa ovota 100 alionse adamkana. Mu Novembala phungu wachitatu, Evie Hudak, adatula pansi udindo pamene maina omuchotsera ankatoleredwa, kuti chipani chake chisankhe womloŵa m'malo ndi kusunga mpandowo. Mwezi womwewo maboma ang'onoang'ono 11 a kumidzi adavota pa funso lakuti adzipatule ndi kupanga chigawo chatsopano, ndipo 5 adavomereza, ngakhale nkhaniyo idathera pomwepo. Kampani ya Magpul, yopanga mabokosi a zipolopolo, idasamukira ku Wyoming ndi ku Texas pamodzi ndi ntchito zake.

Komabe malamulowo sadagwe. Pa chisankho cha 2014 mipando iŵiri ija idabwerera ku chipani cha Democratic, ndipo Hickenlooper adasankhidwanso, ngakhale chipani cha Republican chidatenga Seneti ndi mipando 18 kwa 17. Zoyesa kufafaniza malamulowo zidakanika m'chipinda chinacho. Woŵeruza wa boma lalikulu adawavomereza mu 2014, ndipo mu 2020 Bwalo Lalikulu la Colorado lidavomereza lamulo la mabokosi a zipolopolo. Chimene eni mfuti adapindula ndi mantha amene adaloŵa mwa aphungu, pakuti padapita zaka zisanu ndi chimodzi lamulo lina lalikulu la mfuti lisanadutse.

Lamulo la papepala ndi moyo wa pakhomo

Lamulo likasainidwa, ntchito yolisunga imagwera anthu ena. Colorado chili ndi maboma ang'onoang'ono 64, ndipo pafupifupi m'boma lililonse anthu amadzisankhira mkulu wa apolisi wotchedwa sheriff, amene salamulidwa ndi bwanamkubwa. Mu 2013 akulu a apolisi otere oposa 50 adasumira chigawo chao chomwe chifukwa cha malamulo atsopanowo, ndipo ena adanena poyera kuti sadzataya nthaŵi kuwalondola.

Zotsatira zake zidaoneka m'ziŵerengero. Ofufuza a pa University of California, Davis, adayerekeza zigawo zitatu zimene zidakhazikitsa lamulo lofufuza wogula aliyense, ndipo mu 2017 adalengeza kuti ku Delaware chiŵerengero cha ofufuzidwa chidakwera, pamene ku Colorado ndi ku chigawo cha Washington sichidasinthe kwenikweni. Iwo adaganiza kuti anthu ambiri adapitiriza kugulitsana mfuti monga kale. Wogwira ntchito ya zaumoyo amazidziŵa bwino zotere. Mankhwala amene wodwala walandira koma osamwa sachiza, ndipo chimbudzi chimene mudzi wakumba pongoopa mfumu chimakhala chosagwiritsidwa ntchito.

Lamulo la mbendera yofiira

Pa 31 Disembala 2017 wapolisi wa zaka 29, Zackari Parrish, adaomberedwa ndi kufa m'boma la Douglas pamene adapita kukathandiza munthu wosokonezeka maganizo amene adali ndi mfuti zambiri. Apolisi adamdziŵa kale munthuyo, koma padalibe lamulo lowalola kumchotsera zida. Mkulu wa apolisi wa bomalo, Tony Spurlock, wa chipani cha Republican, adapempha aphungu kuti lamulo lotero likhalepo. Mmodzi wa olibweretsa adali Tom Sullivan, amene mwana wake adaphedwa m'nyumba ya kanema ku Aurora, ndipo iye adasankhidwa kukhala phungu mu 2018. Bwanamkubwa Jared Polis adalisainira mu Epulo 2019, ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020.

Lamuloli, limene anthu amalitcha la mbendera yofiira, lidalola wachibale, wokhala naye nyumba imodzi kapena wapolisi kupempha woŵeruza kuti munthu wooneka kuti angadzipweteke kapena kupweteka ena achotseredwe mfuti kwa masiku osapitirira 14. M'masiku amenewo mlandu umamvedwa, munthuyo amapatsidwa loya wolipidwa ndi boma, ndipo woŵeruza angathe kutalikitsa chiletsocho kufikira masiku 364. Connecticut ndicho chidayamba njirayi mu 1999, ndipo ofufuza a pa Duke University adayerekeza kuti kumeneko, pa anthu 10 mpaka 20 alionse ochotseredwa mfuti, moyo wa munthu mmodzi amene akadadzipha unkapulumuka.

Otsutsa adadandaula kuti chigamulo choyamba chimaperekedwa mwini mfuti asanamvedwe, ndi kuti munthu wa chidani angathe kunamizira mnzake. Maboma oposa theka la maboma 64 aja adalengeza kuti sagwirizana nalo, ndipo mkulu wa apolisi wa boma la Weld, Steve Reams, adati kuli bwino kuloŵa m'ndende kusiyana ndi kulitsata. Rocky Mountain Gun Owners idathandiza kutolera maina ochotsera Sullivan, koma ulendo uno ntchitoyo idalekezera panjira. Mu Novembala 2022 anthu 5 adaphedwa pa malo achisangalalo a Club Q ku Colorado Springs, m'boma la El Paso limene lidali limodzi la maboma otsutsa aja. Wopha anthuyo adali atamangidwapo mu 2021 pa nkhani yoopseza ndi bomba, mlandu wake udathetsedwa, ndipo palibe amene adapempha bwalo kuti limuike pansi pa lamulo la mbendera yofiira.

M'zaka zimenezi mizinda idakula, ndale za chigawo zidapendekera mbali imodzi, ndipo malamulo adachuluka. Mu 2021, chaka chimene anthu 10 adaphedwa m'sitolo ya zakudya ku Boulder, aphungu adalamula kuti mfuti izitsekeredwa m'nyumba mmene muli ana, kuti yotayika kapena yobedwa izinenedwa ku polisi pasanathe masiku asanu, ndipo adatsegula ofesi yopeŵa imfa za mfuti mkati mwa dipatimenti ya zaumoyo ya chigawocho. Mu 2023 adakweza zaka zogulira mfuti kufika pa 21, adalamula kuti wogula adikire masiku atatu asanailandire, ndipo adaonjezera madokotala, aphunzitsi ndi oimira boma pa milandu pa gulu la ololedwa kupempha chiletso. Mu Novembala 2024 ovota adavomereza msonkho wa 6.5 pa 100 pa mfuti ndi zipolopolo, wothandizira ozunzidwa ndi zigaŵenga ndi ntchito za matenda a maganizo. Ena mwa malamuloŵa adakafika ku bwalo la milandu.

Imfa zimene sizimveka pa wailesi

Maliro a ku Columbine, ku Aurora ndi ku Boulder ndiwo adagwedeza aphungu, koma mabuku a imfa amanena nkhani ina. Mwa anthu 48,830 aja a mu 2021, okwana 26,328 adadzipha okha, ndiye kuti 54 mwa 100 alionse. Ku Colorado, kumene anthu oposa pang'ono 1,000 adafa ndi mfuti chaka chimenecho, odzipha adali pafupifupi 7 mwa 10 alionse. Ambiri a iwo adali amuna, ndipo vutoli ndi lalikulu m'madera a kumidzi, kumene mfuti zili zambiri ndipo zipatala zili kutali. Lamulo la mabokosi a zipolopolo, limene lidagwetsa aphungu, silikhudza imfa zimenezi ngakhale pang'ono.

Achipatala adaphunzira zinthu zitatu pa nkhani imeneyi. Choyamba nchakuti maganizo ofuna kudzipha amabwera ngati chimvula cha mkuntho, chimene chimawomba mwamphamvu koma sichikhalitsa. Kafukufuku wina wa mu mzinda wa Houston, wofalitsidwa mu 2001, adapeza kuti mwa achinyamata ndi akulu amene adapulumukira mkamwa mwa imfa, pafupifupi mmodzi mwa anayi adayesa kudzipha pasanathe mphindi zisanu chigamulire mumtima mwake. Chachiŵiri nchakuti mfuti sipereka mpata wachiŵiri. Poŵerenga njira zonse pamodzi, mwa anthu 100 oyesa kudzipha m'dzikolo amafa ndi pafupifupi 9, koma mwa 100 ogwiritsa ntchito mfuti amafa ndi pafupifupi 90. Chachitatu nchakuti mwa anthu 10 opulumuka, pafupifupi 9 sadzafa modzipha m'zaka zotsatira.

Mfundo zitatuzi zikaikidwa pamodzi zimaloza njira imodzi, ndiyo kuika nthaŵi ndi mtunda pakati pa munthu wovutika mumtima ndi chida choopsa. Mu 2006 gulu lankhondo la Israel lidaletsa asilikali kupita ndi mfuti kwao kumapeto kwa sabata, ndipo odzipha adachepa ndi 40 pa 100. Ofufuza a pa Harvard adapeza mu 2017 kuti m'zigawo zolamula wogula kudikira masiku angapo, kuphana ndi mfuti kudatsika ndi pafupifupi 17 pa 100, ndipo kudzipha ndi mfuti kudatsika ndi 7 mpaka 11 pa 100. Chida chake chimasiyana malinga ndi dziko. Ku Sri Lanka chidali mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo boma litaletsa mitundu yoopsa kwambiri, odzipha adachepa ndi kuposa theka m'zaka 20 zotsatira 1995, zokolola osatsika.

Dokotala ndi wogulitsa mfuti pa mphasa imodzi

Lamulo lingathe kuchedwetsa mfuti yatsopano, koma mfuti zambiri zili kale m'nyumba za anthu, ndipo kumeneko wolamula ndi mwini nyumba. Mu 2009, m'chigawo cha New Hampshire, anthu atatu osadziŵana adagula mfuti pa sitolo imodzi ndi kudzipha pasanathe sabata. Mwini sitoloyo adakhudzidwa kwambiri, ndipo adakhala pansi ndi akatswiri a zaumoyo kulemba malangizo othandiza ogulitsa kuzindikira wogula amene ali pa mavuto. Pafupifupi theka la masitolo a m'chigawocho adavomera kupachika malangizowo. Colorado chidatengera chitsanzo chimenechi kudzera mu ofesi yake yopeŵa kudzipha, ndipo mu 2016 bungwe la makampani a mfuti, National Shooting Sports Foundation, lidagwirizana ndi American Foundation for Suicide Prevention kufalitsa uthenga womwewo m'dziko lonse.

Dr. Emmy Betz, dokotala wolandira ovulala pa University of Colorado, adathandiza kukhazikitsa gulu lotchedwa Colorado Firearm Safety Coalition, mmene madokotala, ofufuza, ogulitsa mfuti ndi aphunzitsi a kulasa amakhalira pamodzi. Pa nkhani ya malamulo anthu ameneŵa samvana, ndipo adagwirizana kuisiya pakhomo. Mu 2019 adatulutsa mapu osonyeza masitolo ndi maofesi a polisi ovomera kusungira munthu mfuti kwa kanthaŵi pamene m'banja muli wovutika maganizo. Mwini mfuti amaipereka mwa kufuna kwake, ndipo amakaitenga zinthu zikakhala bwino.

Pa ntchito imeneyi achipatala adazindikira zinthu zimene sakadaziona ali okha. Adaona kuti lamulo la 2013 lofufuza wogula aliyense limavutitsa munthu wofuna kusungitsa mfuti kwa bwenzi, popeza limalola kubwereketsa kwa maola 72 okha popanda kufufuza, kupatula pakati pa abale apafupi. Adaonanso kuti mlenje amamva msanga uphungu wochokera kwa mlenje mnzake kuposa wochokera kwa munthu amene sadagwirepo mfuti, ndi kuti mau akuti kusunga bwino amatsegula makutu pamene mau akuti kulanda amawatseka. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Malangizo amene magulu aŵa amapereka ndi apafupi. Mfuti isungidwe yopanda zipolopolo, yokhomedwa ndi loko, ndipo zipolopolo zikhale pa malo ena. Ngati wina m'banja wataya mtima chifukwa cha ngongole, kutha kwa ukwati, kuchotsedwa ntchito, matenda kapena moŵa, chida choopsa chichoke m'nyumbamo kufikira atapeza bwino. Wachibale asaope kumfunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, pakuti funso lotero silibzala maganizo oipa, koma limapatsa wovutikayo mpata woulula za kukhosi. Akavomera, asasiyidwe yekha, ndipo aperekezedwe ku chipatala tsiku lomwelo. Malangizo omweŵa ndi oyenera m'nyumba iliyonse mmene muli mankhwala a m'munda, a makoswe kapena mapiritsi ambiri.

Mkangano wa m'nyumba ya malamulo sudathe. Mu Epulo 2025 Bwanamkubwa Polis adasainira lamulo lakuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2026, wofuna kugula mitundu ina ya mfuti zoomba mofulumira ayambe wapeza chilolezo ndi kuchita maphunziro, ndipo eni mfuti adalitsutsa monga adatsutsira a m'mbuyomo. Aphungu adzasinthana mipando ndipo oŵeruza adzapereka zigamulo zina. Pakali pano mabanja ena a ku Colorado amanyamula mfuti zao kupita nazo ku sitolo imene adazigula, nazisiya kumeneko mwezi umodzi kapena iŵiri, mpaka mwana kapena bambo wa m'nyumbamo atayambanso kudya ndi kugona bwino.